LABALA WA CHITSEKO CHA FIRIJI NDI CHAKUDYA CHA MWANA WANU

Amayi, mukabwera ku sikelo timakambirana kawirikawiri za phala, za katemera ndi za madzi akumwa. M'kabuku kano tikambirana za chinthu chimene ambiri sachiganizira kuti chingakhudze moyo wa mwana. Chinthucho ndi mphira wofewa wozungulira m'mphepete mwa chitseko cha firiji, amene ambiri timangoti labala.

Mafiriji afika m'nyumba zambiri za m'tauni ndi za m'malo ochitira malonda, ndipo ambiri mwa iwo anagulidwa atagwirapo kale ntchito kwina. Ena mwa inu mulibe firiji, koma mumakasungitsa ndiwo kwa anansi, kapena mumagula nkhuku ndi nsomba za m'firiza ya pagolosale. Enanso mumagwira ntchito m'nyumba za eni ake, ndipo ana a m'nyumbamo amadya zimene mwatulutsa m'firiji ndi manja anu. Choncho nkhaniyi ndi ya nonsenu.

Tinene poyamba kuti mayi wopanda firiji asadandaule. Iye amaphika chongokwanira, mwana nkudya chikadali chotentha, ndipo imeneyo ndi njira yabwino koposa. Amene ali pangozi ndi mayi amene firiji yake sitseka bwino, chifukwa amaikhulupirira. Amaikamo phala lotsala m'mawa, madzulo nkulitulutsa mtima uli m'malo, osadziwa kuti phalalo laswera tsiku lonse pamalo ofunda.

KODI LABALA AMAGWIRA NTCHITO YANJI?

Firiji sipha tizilombo toyambitsa matenda. Imangotichedwetsa kuswana. Tizilombo timeneti timaswana msanga m'chakudya chimene kutentha kwake kuli pakati pa madigiri 5 ndi madigiri 60. Pamalo pofunda bwino, kachilombo kamodzi kangathe kugawikana kukhala tiwiri pa mphindi 20 zokha. Mukawerengera, muona kuti pakutha kwa maola 7 kachilombo kamodziko kangabale tizilombo toposa 2 miliyoni. Nchifukwa chake m'firiji muyenera kuzizira osapitirira madigiri 5, ndipo m'firiza muyenera kufika madigiri 18 kunsi kwa ziro.

Munthu wamkulu akadya chakudya chokhala ndi tizilombo totere, mwina angomva kupotokola m'mimba tsiku limodzi. Kwa mwana wamng'ono nkhani imakhala ina, pakuti thupi lake limatha madzi msanga akayamba kutsekula. M'chaka cha 2015, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala chaka chilichonse chifukwa cha zakudya zoipa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa omwalirawo, 125,000 anali ana osakwana zaka zisanu, msinkhu wa ana amene mwabereka kumbuyowa.

Ntchito ya labala ndi kutsekera kuzizira m'kati. M'kati mwa labalayo muli kachingwe ka maginito kamene kamakoka chitsulo cha pamphuthu ya firiji, kotero kuti chitseko chikatsekedwa sipatsala mpata. Labala akauma, akapindika kapena akang'ambika, mpweya wozizira, popeza ndi wolemera, umatulukira kunsi, ndipo mpweya wofunda wa m'khitchini umalowera kumwamba. Mpweya wofundawo umabwera ndi chinyezi, makamaka nyengo ya dzinja, ndipo chinyezicho chimaundana nkusanduka ayezi. Apa ndi pamene amayi ambiri amanamizika. Akaona ayezi wochuluka amati firiji yawo ndi yamphamvu, chonsecho ayeziyo akusonyeza kuti mpweya wa kunja ukulowa usana ndi usiku. Ayezi akakula amaphimba malo amene kuzizira kumachokera, ndipo mashelefu a pansi amayamba kufunda.

Vutoli limakula magetsi akazima. Mukukumbukira kuti namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, madera ambiri ankakhala maola ochuluka opanda magetsi kwa miyezi yambiri. Firiji yotseka bwino, ngati simukuitsekula, imasunga chakudya chili chozizira kwa maola pafupifupi 4 magetsi atazima. Firiza yodzaza imasunga maola 48, ndipo yodzaza theka maola 24. Koma ngati labala ndi wowonongeka, maola amenewa musawadalire.

MUNGADZIWE BWANJI KUTI LABALA WAWONONGEKA?

Firiji imene ikulira osapuma, ayezi amene akubweranso patangopita masiku ochepa mutamuchotsa, madontho a madzi pamashelefu ndi pansi pa chitseko, mkaka wosasa msanga, mayunitsi a magetsi otha mofulumira kuposa kale: zonsezi zikukuuzani kuti muyang'ane labala. Nyerere kapena mphemvu zikapezeka m'kati mwa firiji, dziwani kuti pali pamene zikulowera.

Njira yoyesera ndi yapafupi. Tengani kapepala kotalika ngati dzanja lanu, kapena ndalama ya pepala. Ikani theka lake m'kati, tsekani chitseko, kenaka kokani pang'onopang'ono. Ngati pepalalo likukana pang'ono, pamalopo pali bwino. Ngati likungosololoka, kapena kugwa lokha, pamenepo pali mpata. Musayese malo amodzi okha. Zungulirani chitseko chonse, pamwamba, m'mbali zonse ziwiri, ndi pansi pomwe. Gwadani ndithu kuti muone m'makona a pansi, pakuti ndi mmene msuzi ndi zakumwa zotayika zimatsikira, ndipo ndi mmene labala amayambira kuwonongeka. Lembani chizindikiro ndi pensulo paliponse pamene pepala lasololoka.

Usiku mungathenso kuyatsa tochi, kuiika m'firiji moyang'ana kuchitseko, kutseka, ndi kuzimitsa nyale za m'nyumba. Pamene pakutuluka kuwala ndi pamene pakutulukanso kuzizira.

Mukagwira m'mphepete mwa mphuthu nkumva kufunda, musachite mantha. Mafiriji ambiri anapangidwa dala motero kuti pamalopo pasachite thukuta.

YAMBANI NDI KUTSUKA

Nthawi zambiri labala amene akuoneka ngati watha amakhala kuti wangoda. Shuga wa zakumwa, mafuta a ndiwo ndi nyenyeswa za chakudya zimalowa m'makwinya a labala nkuuma. Zikatero labala salumikizana bwino ndi chitsulo. Nthawi zina amamatirira pamphuthu, ndipo mukamakoka chitseko mwamphamvu tsiku ndi tsiku, amatha nkung'ambika.

Musanachite china chilichonse, zimitsani firiji ndi kuzula pulagi pasoketi. Madzi ndi magetsi sizigwirizana. Sankhani tsiku limene m'firiji muli zakudya zochepa, ndipo gwirani ntchitoyi m'mamawa kukadali kozizira. Zimene zilimo ziikeni pamodzi m'beseni, muvindikire, mufunditse bulangeti, ndi kuika pamthunzi.

Thirani madzi ofunda m'mbale, musungunulemo sopo pang'ono. Ndi kansalu koyera pukutani labala yense. Kenaka tambasulani makwinya ake ndi zala, nkutsuka m'katimo ndi mswachi wakale. Mukapeza nkhungu yakuda, sakanizani soda wophikira ndi madzi pang'ono kuti akhale ngati phala, pakani pamalopo, dikirani mphindi zingapo, ndipo tsukani. Tsukaninso chitsulo cha pamphuthu pamene labala amagunda, chifukwa ambiri amaiwala pamenepo. Pomaliza tsukuluzani ndi madzi oyera ndi kupukuta mpaka paume.

Musagwiritse ntchito palafini, petulo, phulusa, mchenga kapena waya wokwechera mapoto. Zimenezi zimadya labala. Mankhwala oyeretsera zovala monga Jik, akakhala osasungunula, amaumitsa labala nkumuchititsa ming'alu.

Ngati muli ayezi wambiri, musiyeni asungunuke yekha chitseko chili chotsekula. Kuti zifulumire, ikani mbale ya madzi ofunda m'katimo. Musagobe ayezi ndi mpeni ngakhale pang'ono. Kuseri kwa ayeziyo kuli timapaipi toonda mmene mumayenda gasi woziziritsa, ndipo mpeni ukaboola kamodzi kokha firiji yafa. Kuwonjezera apo, mafiriji ambiri a masiku ano ali ndi gasi wotchedwa R600a, amene amayaka akakumana ndi moto. Dzina la gasiyo limalembedwa pakapepala komatidwa kumbuyo kapena m'kati mwa firiji.

Mukatsuka, bwerezani kuyesa ndi pepala. Mudzadabwa kuona kuti malo ena amene munalembapo chizindikiro tsopano akugwira.

LABALA WOPINDIKA KAPENA WOPHWATALALA

Pamene pepala likusololokabe, yang'anitsitsani. Mwina labala wapindikira m'kati, kapena waphwatalala chifukwa cha kukanikizika zaka zambiri. Labala wotere amafewa akamva kutentha, ndipo akazizira amasunga maonekedwe amene mwamupatsa. Ndiye chinsinsi chonse cha kukonzaku.

Uzani munthu wina akugwirireni mwana, pakuti apa pali madzi otentha. Viikani kansalu m'madzi otentha koma osawira, finyani, ndi kukanikiza pamalo popindikapo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Bwerezani mpaka labala afewe. Akafewa, mukokereni kunja pang'onopang'ono ndi zala, ngati mukutambasula makwinya a nsalu. Musakoke mwamphamvu. Tsekani chitseko labala akadali wofunda kuti maginito agwire chitsulo, ndipo tsamiritsani mpando kuchitseko. Chisiyeni chotseka kwa maola angapo. Amene ali ndi makina oumitsira tsitsi angawagwiritse ntchito m'malo mwa kansalu, koma awaike patali pang'ono ndi kumawayendetsa, osaimika pamalo amodzi. Kandulo, machesi, khala la moto kapena mbaula zisayandikire labala. Amasungunuka nthawi yomweyo, ndipo sangakonzekenso.

Ngati pamalo ena labala akubwererabe m'kati, tambasulani khwinya lake, mulowetsemo kathonje kopota kapena kansalu kofewa kopinda motalika, kuti kamukankhire kunja. Ikani kochepa poyamba. Mukachulutsa, pamalopo padzatukuka, ndipo mpata udzatsekuka m'mbali mwake.

Kumbali ya mahinjesi labala amakhuzika pamphuthu nthawi iliyonse pamene chitseko chikutsekedwa, ndipo ndi chifukwa chake amakonda kupindika kumeneko. Pakani Vaseline wochepa kwambiri ndi nsonga ya chala kuti aziterera. Mafuta ophikira ayi, chifukwa amanunkha pakapita nthawi ndipo amaitana nyerere ndi mphemvu.

Labala wina amangosolomoka mumpata wake, makamaka pakona. Mukaona kuseri kwake kuli kamzere kotukuka, ndipo pachitseko pali kangalande, kanikizani kamzereko ndi chala chachikulu mpaka kalowe.

LABALA WONG'AMBIKA

Pong'ambika pang'ono, posatalika kuposa chala, pangathe kumatidwa. Gulani silikoni m'sitolo ya zipangizo zomangira, yemwe uja amamatira magalasi ndi masinki. Tsukani pamalopo ndi kuumitsa bwinobwino, pakuti silikoni sagwira ponyowa kapena pa mafuta. Finyirani pang'ono mumng'alu, lumikizani mbali ziwirizo, ndi kusalaza pamwamba ndi chala chonyowetsa m'madzi a sopo. Phimbani ndi kapepala ka pulasitiki kuti silikoni asamatirire pamphuthu, tsekani chitseko mosamala, ndipo dikirani tsiku lathunthu kuti aume. Guluu wouma msanga wa m'timachubu ting'onoting'ono si wabwino pantchitoyi, chifukwa akauma amalimba ngati mwala, pamene labala amafunika kupindika. Pakapita masiku ochepa amang'ambikanso pafupi ndi pomatapo.

Tikuuzeni zoona: kumata ndi kongoyembekezera. Kungakuthandizeni miyezi ingapo pamene mukusunga ndalama ya labala watsopano. Ngati labala wauma thupi lonse, ali ndi ming'alu ponseponse, kapena maginito athyoka ndipo akuonekera, musatayenso nthawi ndi silikoni.

Ambiri amamanga chitseko ndi chingwe kapena labala wa chubu cha njinga, ndipo amayi ogulitsa nsomba ndi zakumwa zozizira amasanjika mwala kapena njerwa pachivindikiro cha dipu firiza. Kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndi bwino kusiyana ndi kusiya chitseko chili pululu. Koma zikakhalitsa zimaphwanya labala kwambiri, ndipo mwalawo ungagwere mwana amene akukwawa pafupi.

MWINA VUTO SI LABALA

Imani patali pang'ono ndi kuyang'ana chitseko. Kodi chili chowongoka, kapena chapendekera pansi kumbali ya chogwirira? Chitseko chimatsika chifukwa cha mabotolo olemera a madzi amene timadzaza m'mashelefu ake, ndiponso chifukwa cha ana okonda kulendewera pachogwirira. Chotsani mabotolowo. Pemphani bambo a kunyumba kapena mnzanu anyamule chitseko pang'ono kuti chiwongoke, inu mumange masikuluwu a mahinjesi. Pa dipu firiza mahinjesi ali kumbuyo, ndipo nawonso amakhwepa.

Onaninso mmene firiji yakhalira pansi. Ikani mbale ya madzi pamwamba pake, muone kumene madzi akupendekera. Firiji iyenera kukwera pang'ono chabe kutsogolo, kuti chitseko chikasiyidwa chotsekula theka chizibwerera chokha. Miyendo ya kutsogolo ya mafiriji ambiri imatalika mukaipotokola. Ngati yanu ilibe miyendo yotere, ikani kathabwa kopyapyala pansi pake. Ndipo nthawi zina chimene chikuletsa chitseko kutseka ndi chogwirira cha poto chimene chatulukira kunja kwa shelefu, basi.

KUIKA LABALA WATSOPANO

Musanapite kukagula, lembani dzina la firiji ndi nambala ya mtundu wake, zimene zili pakapepala komatidwa kaja. Yezani kutalika ndi kufupika kwa labala wakale. Ngati nkotheka dulani kachidutswa kochepa pamalo powonongeka kale, mupite nako, chifukwa malabala amasiyana kuseri kwake ngakhale atafanana kutsogolo.

Tambasulani khwinya la labala wakale kuti muone mmene anamangidwira. Wina amangolowa m'kangalande, ndipo ameneyu mungamusinthe nokha popanda chida. Wina amapanidwa ndi masikuluwu obisika pansi pa khwinya. Wachitatu anamatidwa pamodzi ndi chitseko kufakitale, ndipo ameneyo musiyireni mmisiri wa mafiriji.

Labala watsopano amabwera wopindapinda. Muviikeni m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10 kapena 15 kuti awongoke, kenaka mupukuteni. Chotsani wakale kuyambira pakona ya pamwamba, ndi kutsuka pamalo pamene anali. Poika watsopano, yambani ndi makona onse anayi, kenaka muzikanikiza kuchokera m'makona kupita pakati. Mukayamba pakona imodzi nkumazungulira, labala amatamuka, ndipo pomaliza mudzapeza kuti watsala wotalika. Ngati ndi wa masikuluwu, akhwefuleni chabe osawachotsa, lowetsani labala, mangani pang'ono onse, tsekani chitseko kuti muone ngati chawongoka, ndipo pamenepo mangitsani. Masiku oyamba labala watsopano angasiye timipata. Tikonzeni ndi kansalu ka madzi otentha monga tafotokozera.

MUKAMALIZA KUKONZA

Yatsani firiji ndi kuisiya yotseka maola angapo musanabwezeremo chakudya. Mukabwera ku sikelo, afunseni anamwino za firiji ya katemera. Adzakuuzani kuti iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndi kuti amayang'ana kuzizira kwake m'mawa ndi madzulo nkulemba papepala. Sadalira kugwira ndi dzanja. Inunso ngati mungapeze kachipangizo koyezera kuzizira kwa m'firiji, kaikeni pashelefu ya pakati usiku wonse, m'mawa muwerenge chitseko chisanatsekulidwetsekulidwe.

Kukonza labala sikukonza chakudya chimene chinafunda kale. Nyama, nsomba, mkaka, phala, mpunga kapena nyemba zophika zimene zakhala pofunda kupitirira maola 2 musapatse mwana. Kununkhiza sikuthandiza, chifukwa tizilombo toopsa kwambiri sitisintha fungo kapena maonekedwe a chakudya. Nyama imene yasungunuka nkufunda musaibwezere m'firiza. Tikudziwa kuti kutaya ndiwo kumawawa, makamaka pakati pa mwezi, koma mtengo wake sungafanane ndi masiku amene mungagone m'chipatala ndi mwana.

Ngakhale firiji ikhale yabwino, phala la mwana wamng'ono liziphikidwa latsopano nthawi iliyonse imene mungathe. Chakudya chochokera m'firiji chitenthetsedwe mpaka chituluke nthunzi paliponse, kamodzi kokha, nkuchisiya chipole mwana asanadye. Nyama ndi nsomba zosaphika zikhale pansi, zovindikira, kuti madzi ake asadonthere pa zakupsa. Amayi apantchito amene mumafinya mkaka wa m'mawere, ikani kapu yake yovindikira m'kati kwenikweni kumbuyo kwa shelefu, osati pachitseko, chifukwa pachitseko ndi pamene pamafunda msanga.

Mwana akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kupitirira pa tsiku, pitirizani kumuyamwitsa ndi kumudyetsa. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, muzimumwetsa pang'onopang'ono, ndipo otsala muwataye pakatha maola 24. Kuchipatala adzakupatsaninso mapiritsi a zinki oti amwe masiku 10 mpaka 14. Mukaona maso alowa, liwombo lalowa, mwana akusanza chilichonse, akukana kuyamwa, wafooka kwambiri, kapena m'chimbudzi muli magazi, thamangirani kuchipatala ngakhale usiku.

FIRIJI IMENE YAKANIKA KUKONZEKA

Pali chifukwa chimene mafiriji a masiku ano amatsekera ndi maginito. Akale anali ndi loko amene ankatsekulidwa kunja kokha. Ku America ana ambiri anafa atabisala m'mafiriji otayidwa posewera, mpaka m'chaka cha 1956 boma la dzikolo linakhazikitsa lamulo lakuti chitseko cha firiji chizitha kutsekulidwa ndi munthu amene ali m'kati. Kuyambira pamenepo opanga mafiriji anatembenukira ku maginito.

Komabe mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu alibe mphamvu yokankha chivindikiro cha dipu firiza ali m'kati, ndipo mumdima sadziwa kokankha. Labala yemwe uja amene amatsekera kuzizira amatsekeranso mpweya wopuma ndi mawu a kulira. Choncho firiji yakufa imene mwaiika pakhonde, kuseri kwa nyumba, kapena imene mwaisandutsa kabati yosungiramo ufa, ichotsedwe chitseko lero lomwe. Masulani masikuluwu a mahinjesi, chitsekocho muchigoneke pansi kwina. Ngati mukufuna kuti chitseko chikhalepo chifukwa cha makoswe, boolani ndi kuikapo loko wa kiyi, ndipo kiyiyo azikhala pamene ana safikira. Dipu firiza imene ikugwira ntchito pamalo osewerera ana izikhalanso yokhoma.